A khonsolo atitsekera malo osokera ati nkhani ya moto, kodi lamulo likuwalola?

Uthenga uwu wabwera usiku wa Lachinayi kuchokera kuno ku Harare, Zimbabwe, ndaufupikitsa pang'ono:

"Amalume moni. Ndine Nachisale, ndimakhala ku Mufakose koma ndimasoka m'tauni cha ku Kopje. Nyumba yake kale inali maofesi, landilodi anaidula ndi mabolodi kukhala timashopu, pamwamba pathupa tilipo 14, atelala, oluka tsitsi, anyamata okonza mafoni ndi mayi wina wophika pa gasi. Mwezi watha kunabwera a khonsolo ndi ozimitsa moto, anayendera n'kusiya pepala kwa woyang'anira nyumba, ife osauzidwa kanthu. Lachiwiri lapitali abweranso amata pepala pachitseko chachikulu ati musagwirenso ntchito muno mpaka zinthu zikonzedwe. Makina anga awiri ndi ovaloko ali mkati pamodzi ndi mayunifomu a sukulu omwe anthu anapereka kale dipoziti. Landilodi akuti tizilowera kuseri m'mamawa mwakachetechete ndipo lendi ya mwezi uno akuifuna yonse. Kodi khonsolo ili ndi mphamvu yotseka nyumba popanda khoti? Nanga lendi ndilipire? Ine kumaofesi ndimaopa chifukwa chitupa changa ndi chija cholembedwa alien, bambo anga anachokera ku Dedza ngakhale ine ndinabadwira konkuno."

Mayi Nachisale pepani ndithu, ndawerenga kawiri ndipo ndikumva mmene mtima ukuwawira, makina ali mkati, makasitomala akuimba foni, kunyumba ana akufuna kudya. Khazikani kaye mtima pansi, makina anuwo sanalandidwe, ndi anu ndipo muwatulutsa. Koma ndisakunamizeni, inde khonsolo ili nazo mphamvu zoletsa anthu kugwiritsa ntchito nyumba yomwe ikuika miyoyo pachiswe, ndipo ine amene ndatha zaka zoposa 20 ndikukwera masitepe a nyumba za m'tauni muno kuyendera ndi kudzaza mabotolo ozimira moto, ndikamva kuti nyumba yatsekedwa isanapse ndimapuma, chifukwa ndaonapo zinazo zomwe zinatsekedwa ndi moto wokha.

Mphamvuzi sizichokera pamalo amodzi ayi, nde chifukwa chake ndikufuna muyambe mwalipeza pepala lomwe lamatidwa pachitsekolo. Pitani mukalijambule ndi foni, lonse, kuyambira pamwamba mpaka pomwe pali chidindo ndi siginecha, osati kungomva za m'maluwa kwa woyang'anira nyumba. Papepalapo pamalembedwa lamulo lomwe agwiritsa ntchito, zomwe zalakwika, amene akulamulidwa kukonza ndi nthawi yomwe wapatsidwa. Khonsolo ya Harare imayendetsedwa ndi Urban Councils Act, Chapter 29:15, ndipo lamuloli ndi lomwe limaipatsa mphamvu yokhala ndi ozimitsa moto komanso kupanga malamulo ake ang'onoang'ono a mumzinda. Pa kamangidwe pali Model Building By-laws a 1977, akalekale koma akugwirabe ntchito, ndipo muli gawo lonse lokamba za moto, makomo othawira, masitepe, zipupa zotchinga moto ndi zozimira. Kenako pali Regional, Town and Country Planning Act, Chapter 29:12, apa ndi pomwe malandilodi ambiri a m'tauni amakodwa, chifukwa nyumba yomwe inavomerezedwa kukhala maofesi a anthu ochepa sungangoisandutsa msika wa anthu 60 popanda chilolezo. Pa lamulo limeneli khonsolo imatulutsa yokha chomwe amati enforcement order, kulamula kuti ntchito yosaloledwayo isiyidwe, ndipo itha kuwonjezera prohibition order yomwe imati imani pompano. Sikuti amayamba kaye apita kukhoti, koma amene sakugwirizana nazo ali ndi ufulu wokadandaula ku Administrative Court, khoti lomva madandaulo pa zigamulo za maofesi a boma. Ndiye pali Housing Standards Control Act, Chapter 29:08, pamenepa khonsolo imapita ku khoti loona za nyumba kukapempha kuti nyumba ikonzedwe, itsekedwe kapena igwetsedwe. Osaiwalanso malaisensi a bizinesi, khonsolo ndi yomwe imapereka ndipo malo osatetezeka itha kuwakaniza.

Nde funso lanu loti "popanda khoti" yankho lake ndi loti pa malo a bizinesi ngati anuwa zimatheka. Pomwe khoti silidumphidwa ndi pakhomo pogona munthu. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013, ndime 74, amati munthu sangatulutsidwe m'nyumba yake yokhala kapena kumugwetsera popanda chigamulo cha khoti. Ife amene tinaona Murambatsvina mu 2005, boma likugwetsa nyumba ndi misika yomwe linkati ndi yosaloledwa, pomwe lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena pogwirira ntchito, ndipo abale athu ambiri a ku Mbare ndi Epworth anali m'gulu lomwelo ena akuuzidwa kuti bwererani kumudzi pomwe mudzi sakuudziwa, timadziwa chifukwa chake ndime imeneyi ndi yofunika komanso chifukwa chake pepala la khonsolo limatinjenjemeretsa. Koma shopu si pogona, ndime 74 siikutetezani pamenepa. Chomwe chikutetezani ndi ndime 68, yomwe imati ofesi ya boma ikamachita chinthu chokukhudzani ichite mwalamulo ndi mwachilungamo, ndipo muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake zolembedwa.

Tsopano ndikuuzeni chomwe anthu aja anaona atalowa, ngakhale sindinafikepo pamalo panupo, chifukwa nyumba zoterezi zimafanana ngati mapasa. Tsiku lina ndinaitanidwa kunyumba ina kuti ndikaone mabotolo, mwini wake ankafuna pepala la inshuwalansi basi. Kanjira ka pakati kanali koti anthu awiri sangapatukirane, mbali zonse mabolodi, pamwamba mawaya akulendewera ngati mpesa, adaputa imodzi yabayidwa ina n'kubayanso ina, pamenepo pali simbi, ketulo ndi chowumitsira tsitsi. Botolo lozimira moto ndinalipeza pansi likutchinga chitseko kuti chisamatsekeke ndi mphepo, kamuvi kake kali pofiira, kusonyeza kuti mulibe mpweya ngakhale pang'ono. Nditafika kumapeto kwa kanjirako ndinapeza khomo lothawira, chikwangwani chobiriwira chilipo bwinobwino, koma pachitseko pali tcheni chokulunga kawiri ndi loko wamkulu ngati chibakera changa, kutsogolo kwake aunjika mabelo a kaunjika. Ndinafunsa kiyi ali kuti, ati ali ndi mlonda. Mlonda ali kuti, ati wapita kukagula sadza. Ndinaimirira pamenepo ndikuyang'ana mayi wina akusoka mwana ali kumsana, mamita atatu kuchokera pa tchenicho, ndipo thupi linachita tsemwe.

Anthu amaganiza kuti moto ukabuka amauona n'kuthawa. Ayi mayi. Chomwe chimapha ambiri ndi utsi, osati malawi. Nsalu za poliyesitala zomwe mumasokera mayunifomuzo, siponji, mawigi ndi mesh za oluka tsitsi, mabatire a mafoni, guluu wa m'mabolodi, zonsezi zikamapsa zimatulutsa utsi wakuda wa poizoni, magetsi amazima nthawi yomweyo, m'kanjira muja simuonanso dzanja lanu lomwe, ndipo utsi umakwera masitepe msanga kuposa munthu, masitepe amakhala ngati chumuni. Mphindi zochepa chabe munthu wakomoka. Nde ngati khomo ndi limodzi ndipo moto wayambira cha komweko, amene ali kumapeto kwa kanjira alibe kothawira, mawindo nawo ali ndi zitsulo zotchingira akuba.

Kumbukirani za ku Johannesburg usiku wa pa 31 August 2023, nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, yosanjikiza kasanu, mkati mwake anaidula timazipinda ta matabwa ndi mabolodi. Anthu 76 anafa, ana analipo, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu omwe anapita kukasaka ngati mmene makolo athu anabwerera kuno. Matupi ena anapezeka ataunjikana pageti lokhoma. Nyumba imeneyo aliyense ankadziwa kuti ndi yoopsa. Chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Kwathu kuno taona msika wa Mbare Musika ukupsa mu October 2024 katundu wa anthu yense kukhala phulusa, ndipo ku Glen View Area 8 kwa amisiri a mipando kuja moto wabukako kambirimbiri moti anthu anasiya kuwerenga. Kumeneko ndi pamtetete anthu amatha kuthawa, nanga pamwamba pa nyumba ya khomo limodzi?

Chifukwa chake za kulowera kuserizo ndikukanizani ndi mtima wanga wonse. Taganizani bwino zomwe landilodi akukuuzani. Chitseko chachikulu chikhale chotseka kuti a khonsolo asaone, inu nonse mukhale mkati, kutanthauza kuti nyumba yomwe inali yoopsa ili ndi khomo lotseguka tsopano mukhalamo khomo lenilenilo litakhomedwa. Ndi msampha umenewo. Kuonjezera apo kunyozera lamulo lotereli ndi mlandu, ndipo akabwera adzapeza inu pamakina, landilodi ali kunyumba kwake. Chikachitika choipa a inshuwalansi, ngati ilipo n'komwe, savuta kukana kulipira pa nyumba yomwe inali italetsedwa.

Za makina chitani chonchi. Pepala lija lili ndi dzina la dipatimenti yomwe yalitulutsa, pitani komweko, kaya ndi ku likulu la ozimitsa moto ku Belvedere Road kaya ku maofesi a khonsolo, mukanene kuti ndinu wochita lendi mukufuna kutulutsa katundu wanu. Chomwe chaletsedwa ndi kugwiramo ntchito, kutulutsa katundu ndi nkhani ina, kawirikawiri amagwirizana nanu tsiku ndi ola, mumalowa ochepa ochepa masana n'kutuluka. Lembani kakalata kachidule, katundu yense mumutchule, makina ndi manambala ake, mupange makope awiri, imodzi akudindireni mubwere nayo. Ngati pali loko kapena chomata cha khonsolo pachitseko musachithyole nokha ngakhale wina atakulimbikitsani bwanji. Ndipo aliyense wokuuzani kuti ndipatseni kangachepe ndikutsegulireni, popanda lisiti, musiyeni, ndalama ipita ndipo vuto likhala pomwepo.

Landilodi akanena kuti makina satuluka mpaka mulipire, dziwani izi. Lamulo limamupatsadi ka ufulu pa katundu wa munthu amene ali ndi ngongole ya lendi, koma kuti agwire katunduyo ayenera kudzera kukhoti, sangangokhoma yekha n'kuika kiyi m'thumba. Ngati mulibe ngongole ya m'mbuyo nde alibiretu poyambira. Akakakamira, loya amatha kukapempha khoti la majisitireti kuti likubwezereni katundu mwachangu.

Lendi ya mwezi uno ndi pomwe pamafunika mutu. Mfundo ya lamulo ndi yoti mumalipira lendi chifukwa mukugwiritsa ntchito malo, nde ngati simungathe kuwagwiritsa ntchito chifukwa cha zolakwika za mwini wake, muli ndi poyambira kupempha kuti lendi ichotsedwe kapena itsitsidwe kwa masiku onse omwe malo atsekedwa. Koma musangosiya kulipira mwakachetechete, ena amalemba m'mapepala a lendi mawu owateteza okha, ndipo mukangokhala chete mawa adzati ndinu amene mwaphwanya pangano. Mulembereni, pa WhatsApp pomwe palibe vuto bola zisungike, muziti malo atsekedwa kuyambira tsiku lakuti, sinditha kugwira ntchito, ndikupempha kuti lendi iime mpaka atsegulidwe, ndiponso ndikufuna kuona notisi yoyamba ija. Sungani malisiti onse ndi mauthenga a EcoCash olipirira lendi pafoni. Uthenga wake uja wokuuzani kuti muzilowera kuseri, ngati analemba kapena kutumiza voisi, musaufufute, ndi umboni wamphamvu kwambiri womwe muli nawo.

Notisi yoyambayo ikundipweteka mtima kwambiri. Mwezi wathunthu munthu akudziwa kuti nyumba yake yapezeka ndi vuto, akutolerabe lendi, osauza anthu omwe miyoyo yawo ili mkatimo. Zambiri zomwe amalamulidwa kukonza si zodula ayi. Kuchotsa tcheni pakhomo lothawira n'kuika loko wotseguka ndi dzanja limodzi kuchokera mkati, kuchotsa katundu m'kanjira ndi pamasitepe, kudzaza mabotolo n'kuwapachika pakhoma poonekera, zikwangwani ndi nyali zoyaka magetsi akazima, zimenezi sabata imodzi zatha. Zodula ndi mawaya, pamafunika wamagetsi wa mapepala ake ayambirenso, komanso ngati nyumba yonse ilibe chilolezo chokhala mashopu pamenepo nde pamatenga miyezi chifukwa mapulani ayenera kupita kukavomerezedwa. Mukaliwerenga pepala lija mudziwa kuti muli mbali iti. Likamakamba za mabotolo ndi makomo okha, dikirani pang'ono mukumukankha landilodi. Likamakamba za kusintha ntchito ya nyumba popanda chilolezo, ine ndikanakhala inu ndikanayamba kufunafuna malo ena lero lomwe.

Musayende nokha. Mulipo 14 pamwamba panu pokha, mutu umodzi susenza denga, pangani gulu la pa WhatsApp, sankhani anthu atatu olankhula, kalata ikhale imodzi yosainidwa ndi nonse. Landilodi amanyoza telala mmodzi koma lendi ya anthu 14 ikaima tsiku limodzi amatenga foni yekha. Koma mukakumana muuzanenso zoona, chifukwa zina mwa zolakwikazo ndi zanu ochita lendi. Mayi wophika pa gasi uja ndikudziwa ndi mnzanu ndipo naye akusaka ya ana, koma silinda ya gasi m'kachipinda ka mabolodi kopanda mpweya, pafupi ndi nsalu, sizigwirizana. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akamadontha amatsika pansi n'kuyenda m'kanjira mwakachetechete mpaka akapeze moto. Afunika malo apansi, otseguka. Ndipo inu atelala muli ndi mlandu wanu womwe ndimaudziwa bwino, magetsi a ZESA akapita masana simbi ili pa nsalu, munthu n'kuiwala kuzimitsa pakhoma n'kuweruka, magetsi n'kubwera pakati pa usiku mulibe munthu. Moto wa m'mashopu osokera umatha kuyamba choncho.

Za chitupa zija musaope. Kutulutsa makina anu kapena kufunsa za notisi sikufuna kuti mukhale nzika, pakhomo la khonsolo mukupita ngati wochita lendi basi. Komanso malamulo a 2013 omwewo, ndime 43, amati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye mwini ankakhala muno pomwe malamulowo amayamba, ndi nzika mwa kubadwa. Nkhani ya shopuyi ikatha mukasinthitse chitupacho ku ofesi ya zitupa, mantha amenewa mwawasenza nthawi yaitali.

Loya mumufune msanga ngati landilodi wakana kutulutsa katundu, ngati wakuopsezani kuti akuthamangitsani kapena kudya dipoziti yanu, kapena ngati pepala likukutchulani inuyo ndi dzina, chifukwa zodandaula ku Administrative Court zili ndi masiku ake owerengeka ndipo akadutsa zimavuta. Ngati ndalama palibe yambani ku Legal Aid Directorate kapena Legal Resources Foundation, mutenge chithunzi cha notisi, pepala la lendi, malisiti ndi mauthenga aja. Ngati pali ena omwe amagona m'nyumbamo usiku, ndikudziwa zimachitika, anyamata ena amayala pansi pa tebulo kuti asawononge ya kombi, auzeni atuluke lero, ndipo amene alibiretu kwina kokhala akaonane ndi loya payekha chifukwa nkhani yake ndi yosiyana ndi yanu.

Makasitomala a mayunifomu aimbireni nokha asanamve kwa ena, auzeni zoona ndi tsiku lomwe mukuyembekeza kumaliza, anthu amapirira akauzidwa. Ngati mukamalizire ntchitoyo kunyumba ku Mufakose, makina ndi simbi musazibaye pa adaputa imodzi, simbi ikhale ndi soketi yakeyake ya pakhoma, nsalu zikhale kutali ndi pophikira, ndipo gulani kabotolo kozimira moto ka paudala ka 4.5kg mukapachike pafupi ndi khomo osati kuseri kwa mabelo. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta, solani kapini, lozetsani patsinde pa moto osati pamalawi, finyani, muziyendetsa uku ndi uku, inu msana uli kukhomo. Moto wa magetsi kapena wa mafuta ophikira musauthire madzi. Ukakula kuposa msinkhu wa m'chiuno musalimbane nawo, tulutsani ana, tsekani chitseko kuti uchedwe kufalikira, imbani 993 muli panja.

Ndipo mukamakaona malo atsopano, musanafunse za lendi, yendani kaye mpaka kumapeto kwa kanjira mukakankhe khomo lakuseri ndi dzanja lanu muone ngati likutseguka ndi komwe likutulukira, chifukwa ena limatseguka bwino koma n'kukakusiyani m'kampanda kokhoma. Yang'anani kapepala komata pabotolo lozimira moto, deti lake lisapitirire chaka, kamuvi kakhale pobiriwira. Mukajambula notisi ija nditumizireni ndiione, tiwerengere limodzi kuti akufuna chani kwenikweni, nde muuze anzanuwo kuti mawa m'mamawa asalowe.